Mjigo wa Mng'ono Wanga

Tsiku limene anthu a m'mudzi mwathu anabwera pakhomo panga atavala zovala zawo za kumzikiti za Lachisanu, ndinadziwiratu chimene adzera. Chisankho chinali pafupi, ndipo paliponse, kudooko, kuchigayo, kudambo la mpunga, nkhani inali imodzi: ulendo uno dera lathu la m'mbali mwa nyanja ya Chia lisankhe khansala wa konkuno, wodziwa matope athu, osati wa kumsewu amene timangomuona pamaliro. Ndinawayalira mphasa, ndinalowa m'nyumba kukasintha chitenje, n'kumanga duku langa lija la pa Idi. Ndikanalekeranji? Wapampando wa komiti ya mjigo ndinali ine. Wogawira amayi ntchito pamaliro ndinali ine. Munthu akafuna kuti mawu ake akafike kwina osagwera m'njira, ankatuma ine.

Tinalonjerana, tinafunsana za ana ndi za mbalame zimene zinkatha mpunga chaka chimenecho. Kenaka bambo wina wachikulire amene ankatsogolera gululo anakhosomola, nati, "Mayi, tadza kwa inu chifukwa ndinu wamkulu pa mbumba ino. Mutilankhulireko kwa ang'ono anu. Tikufuna atiimire pa ukhansala."

Ang'ono anga! Abale inu, mwana amene ndinamubereka kumbuyo kuno mpaka kundikodzera msana? Mayi athu atayamba kudwala, amene anasiya sukulu ali Sitandade 4 n'kumakaingitsa mbalame kumpunga ndi ine, kuti iye azinyamula mabuku. Anafika Fomu 4, inde, koma anakathera pa kaokala kogulitsa sopo ndi machesi. Munthu wosalankhula, woti asodzi akamutchulira mtengo wa usipa amangopereka osanenerera. Ndinafunsa, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa, kuti amuonera chiyani. Iwo anati, "Ku khonsolo mapepala ake ndi a Chingerezi, mayi. Komanso ang'ono anuwo sapsa mtima msanga." Mawu omalizawo anawanena akuyang'ana pamphasa.

Atapita ndinamasula duku lija n'kuliponya pabedi. Uthenga ndinakapereka, pakuti ndine munthu wosagwetsa mawu m'njira. Pa tsiku la chisankho ndinamuvotera. Ndikanavotera yani? Koma wina asakunamizeni kuti ana a mimba imodzi sachitirana nsanje. Inki ija inatha pachala, nsanje osatha.

Anapambana. Kuyambira pamenepo dzina lake linafa, anangokhala "akhansala". Langa nalonso linafa, ndinasanduka "achemwali awo a akhansala". Anthu amene kale ankabwera kwa ine ndi milandu yawo ankabwerabe, koma tsopano ankati, "Mukatinenereko kwa akhansala," ngati ine ndine kanjira kachidule kopita kunyumba kwake. Pamaliro ankamutengera mpando n'kuuika pamthunzi, ine ndili kumoto utsi uli m'maso. Ngakhale bambo a kunyumba kwanga, amene kale ankamutuma mlamu wawoyo kukagula mchere, anayamba kudzuka pampando akamuona akulowa pampanda. Ine ndinakana. Ndinapitiriza kumuti "iwe" pamaso pa anthu, ndipo iye ankangoyankha kuti, "Ee, achemwali," ngati palibe chasintha. Kufatsa kumeneko n'kumene kunkandipsetsa mtima kwambiri. Munthu wokana kukangana naye umamutani?

Mjigo wathu unafa mvula itangosiya. Ukavuta pang'ono, mphira ikatha kapena ndodo ikamasuka, ife a komiti tinkaitana mmisiri wa m'dera n'kuukonza tsiku lomwelo. Koma ulendo uwu mapaipi anaduka n'kugwera pansi penipeni. Mmisiri anasuzumira, anapukusa mutu, nati izi n'za a ku Boma, a dipatimenti yoona za madzi, amene ali ndi zida zovuulira. Ine monga wapampando ndinakwera minibasi kukanena. Ndinakhala pabenchi la pakhonde la ofesi mpaka matako kuuma, ndipo mtsikana wa pakhomo anandiuza kuti abwana ali ku msonkhano, ndisiye uthenga. Ndinausiya. Kaya unagwera pati.

Mjigo wina uli kutali, kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo eni ake ankautseka ndi loko akangoona ndowa zathu zikubwera. Choncho tinabwerera kumene mayi athu ankatunga, kudooko la m'mabango, m'Chia.

Amene sanakhaleko kuno amaona ngati vuto la madzi a m'Chia ndi litsiro. Litsiro timaphitsa. Vuto ndi ng'ona. Mwezi womwewo inagwira mbuzi ya aneba pamalo penipeni pamene timaika ndowa, dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Ine bondo langa lamanzere linali litayamba kale kukana katundu, ndiye wotunga madzi pakhomo panga anali mwana wanga wotsiriza, mtsikana wa Fomu 2. M'mawa uliwonse akatenga ndowa ndi nkhata, ndinkaima pampanda kuyang'ana njira ya kudooko mpaka mutu wake utatulukiranso m'mabango. Ndinkamuuza kuti aziyamba waponya mwala, asamalowe kupitirira akakolo, asamafulatire madzi. Iye ankangoti, "Ndamva, amayi," monga amachitira ana.

Ndiye mundimvetse bwino. Ndinkafuna mjigo ukonzedwe kuposa wina aliyense m'mudzimo. Chimene sindinkafuna n'chakuti aukonzetse mng'ono wangayo.

Tsiku lina anabwera nati, "Achemwali, mawa kuli msonkhano wa khonsolo ku Boma. Ndikafunsa za mjigo. Tiyeni mukamve nokha, poti ndinu apampando a komiti." Ndinapita, ndikuganiza kuti mwina akandipatsa mpata ndilankhuleko. Kunja kuno kuli zinthu! M'holomo makhansala anakhala kutsogolo, pa matebulo oyala nsalu, aliyense ndi kabotolo kake ka madzi. Mbali ina kunakhala mabwana a madipatimenti, wa zaumoyo, wa zamisewu, wa zasukulu, wa zamadzi, aliyense atafungatira fayilo. Ife anthu wamba anatilozera mabenchi a kumbuyo, natiuza kuti kumeneko n'komvera chabe, osatsegula pakamwa. Ine, osatsegula pakamwa!

Kachitidwe kake n'kakuti khansala amaimika dzanja, wapampando wa khonsolo akamuloza amaimirira n'kufunsa za kwawo. Uyu afunsa za mlatho, uyu za mankhwala kuchipatala, uyu za denga la sukulu limene linasasuka ndi mphepo. Ndiye bwana wa dipatimenti yokhudzidwayo amadzuka n'kuyankha. Nthawi ya mng'ono wanga itakwana, anamuitana kuti "olemekezeka". Anaimirira, kamunthu kochepa thupi, nafunsa ndi mawu ake apansipansi aja. Ndipo bambo wamkulu, wa tayi, wa imvi za m'mbali, yemwe uja ine ndinamudikira pakhonde osamuona ngakhale nsapato, anadzuka pampando kuti amuyankhe iyeyo. Funso limenelo ndikanalifunsa ine, holo yonse ikanagwedezeka.

Abwana a zamadziwo sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anayankha mwaulemu kuti nkhaniyo akuidziwa, kuti mijigo yakufa ndi yambiri kuyambira ku Nkhunga mpaka kuno kwathu, kuti galimoto yonyamula zida ndi imodzi ndipo mafuta amavuta, koma kuti aiona posachedwa. Wapampando anafuna kupita pa funso lina, koma mng'ono wanga sanakhale pansi. Anapempha kuti, poti abwana ati aiona posachedwa, abwere adzaione ndi maso, adzayankhe pamaso pa eni ake madziwo. Makhansala anzake anamenya manja pamatebulo, ndipo abwana anavomera. Pa nkhomaliro a kutsogolo okha ndiwo analandira chakudya cha m'timabokosi. Mng'ono wanga anandibweretsera theka la chake kubenchi kwanga. Ndinamuuza kuti ndikusala, chonsecho mwezi wa Ramadhani unali kutali.

Koma pobwerera, m'minibasi, mtima unayamba kutsika, chifukwa ndinakumbukira kuti mlendo akabwera kumudzi, bwalo limakhala langa. Ukaipa dziwa nyimbo. Ine Chingerezi ndilibe, koma mpunga ndimautha. Kuno kwathu mlendo wa boma safunsidwa kanthu asanadye. Amafika, timamulandira chikwama, timamusambitsa m'manja, amadya mpunga wa faya ndi chambo, ndipo pochoka timamuikira kathumba ka mpunga ndi nsomba zouma m'galimoto. Ndi mmene tinapezera. Zaka zonsezo wophikira alendo otere ndinali ine, monganso pa sadaka ndi pa ukwati. Mpunga wanga ndimauvundikira ndi makala pamwamba, umatuluka umodziumodzi, ndipo fungo lake limatsitsa munthu panjinga. Alendo ankachoka akufunsa kuti waphika ndani. Za mafunso, zoona, akatha kudya zinkafewa. Ungamupanikize bwanji munthu amene wangonyambita kumene zala pakhomo pako? Tinkangoti, "Tamva bwana, muyende bwino." Koma ulemu wa mudzi unkasungika.

Kutatsala masiku ochepa kuti abwana abwere, mng'ono wanga anandipeza ndikupeta mpunga womwewo.

"Achemwali, ulendo uno abwana asaphikiridwe."

Ndinaika lichero pansi. "Wati chiyani iwe?"

"Asaphikiridwe. Akadya, anthu achita manyazi, ngakhale ine ndemwe ndichita manyazi. Akubwera kudzayankha, sakubwera ku ukwati."

"Iwe, ukhansala wakulowa m'mutu eti? Mlendo achoke ku Boma, adzakhale pano mpaka dzuwa kupendeka, abwerere ndi njala? Akatinena kuti chiyani? Mayi athu akanakhala moyo ukanalankhula zimenezo?"

"Mayi athu ankatunga m'Chia, achemwali. Ine sindikufuna kuti mwana wanu azitunga m'Chia."

Apo ndiye anandigunda pachilonda, ndipo ndinamukhuthulira zonse zimene ndinasunga kuyambira tsiku la duku lija. Ndinamuuza kuti mpando anatenga, dzina langa anatenga, tsopano akufuna ndi mphika womwe. Ndinamukumbutsa za mbalame za kumpunga, ndi za msana wanga umene anaukodzera. Iye anangomvetsera, maso ali pa lichero. Mpweya utandithera anati, "Ndamva. Koma musaphike. Komanso msonkhano sukhalanso kusukulu, ana akulemba mayeso. Ukhala pansi pa mango awa, kuseri kwa khitchini yanu." Anatsanzika bwinobwino n'kumapita.

Musaphike! Kundiuza ine, pakhomo panga, za moto wanga. Bambo a kunyumba, amene anamva zonse ali pakhonde akusoka ukonde, anati, "Amayi, tangowamverani akhansala, iwo ndi amene akudziwa za boma." Akanangokhala chete mwina ndikanaganizanso. Atatero, ndinatuma mawu kwa msodzi wina amene amandisungira chambo chabwino kuti andisiyire zikuluzikulu.

Ndinadziwa kuti ndikayatsa moto m'mawa, wina akamutsina khutu mng'ono wanga, ndiye tsikulo ndinadikira. Galimoto inafika dzuwa litakwera kale. Abwana anali atanyamuka ku Boma ndi tiyi yekha m'mimba, monga anandiuzira dalaivala wawo pambuyo pake, poti anazolowera kuti kwathu kuno munthu sabwera atakhuta. Anthu anadzaza pansi pa mango, amayi pamphasa, abambo pa mabenchi obwereka ku madrasa. Anayamba apita kukaona mjigo, anasuzumira, anabwerera. Pemphero litatha, mng'ono wanga atayamba kulankhula, ine ndinazemba, ndinalowa m'khitchini n'kuyatsa moto.

Khitchini yanga ndi ya mpanda wa bango, ndipo ili kumbali ya kunyanja. Zonse zokambidwa pansi pa mango ndinkazimva. Abwana anafotokoza za mapaipi, za mafuta, za ndondomeko. Amalankhula bwino bambo aja, mpaka amayi ena anayamba kuvomera ndi mitu. Atatha, mawu apansipansi aja anati, "Zikomo bwana, tamva. Nanga mubwera liti?"

"Posachedwapa, olemekezeka."

"Tithandizeni ndi tsiku, bwana. Amayiwa akufuna adziwe kuti kudooko apitabe mpaka liti."

Abwana anaseka pang'ono, nayambanso kufotokoza kuchokera poyamba. Apo n'kuti ine anyezi ali m'mafuta. Nthawi imeneyo ya tsiku kamphepo kamachokera kunyanja kulowera kumtunda, ndiye kankadutsa m'khitchini mwanga n'kukathera pansi pa mango. Nditavundukula mpunga kuti ndione ngati wauma, fungo linangoti guu! Ndinasuzumira pa mpata wa bango. Abwana anali pakati pa nkhani, koma mutu unatembenuka wokha. Dalaivala, amene anakhala pa muzu, anameza malovu poyera. Ndinati mumtima, eyaa, lero tione ngati Chingerezi chimanunkhira.

Mng'ono wanga sanayang'ane n'komwe kukhitchini. Anafunsa kuti galimoto imodziyo sabata ino ili kuti, nanga sabata yamawa ikhala kuti. Anafunsa kuti mafuta akapezeka, mudzi woyamba ndi uti, ndipo amasankha ndani. Abwana akayankha mozungulira, iye ankadikira mpaka amalize, n'kubwereranso pomwe paja, ngati nkhuku imene waipirikitsa pa mphasa ya mpunga. "Nanga mubwera liti, bwana?" Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Abwana anamasula tayi, anayang'ana wotchi, anayang'ana kukhitchini.

Apo ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinapakula, ndinavundikira mbale, ndinamanga duku lija la pa Idi. Ndinatenga beseni ndi jagi ya madzi n'kutuluka, ndikudutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Ndinkafuna mudzi wonse udziwe kuti pa mbumba ino wamkulu alipo, ndipo ulemu sunafe. Ndinagwada pamaso pa abwana, bondo likudandaula, n'kuika beseni pansi. "Bwana, tasambani m'manja, mulaweko kampunga." Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. Anapinda manja a malaya, natambasula manja onse awiri pamwamba pa beseni.

Aliyense ankadziwa kuti akhansala analetsa zophika, ndipo aliyense ankafuna kuona kuti pakati pa awirife agonja ndani.

Mng'ono wanga sanakweze mawu. Anati, "Zikomo, achemwali. Gwirani kaye jagiyo pang'ono, abwana atsala pang'ono kutiuza tsiku." Kenaka anatembenukira kwa mlendoyo. "Madzi ali m'jagimo ndi a m'Chia, bwana. Watunga m'mawa uno ndi mwana wa achemwali angawa, uyo waima apoyo, pa dooko pomwe ng'ona inagwira mbuzi. Mawa apitanso."

Ndinacheuka. Mwana wanga anali atangoweruka kumene. Anaima kumapeto kwa gulu, mabuku ali m'manja, akuchita manyazi poti anthu onse amuyang'ana.

Chimene ndinkangofunika kuchita ndi kupendeketsa dzanja basi. Madzi akangogwera pa manja a mlendo, nkhani yatha. Palibe khansala, palibe mfumu, amene angaletse munthu wosamba m'manja kuti adye, ndipo akadya, mafunso afa. Ndikanapambana pamaso pa mudzi wonse. Jagi inali itaweramira kale, dontho lili pamlomo. Ndinayang'ana mng'ono wanga, ndipo ndikunena zoona, sindinamudepo monga ndinamudera nthawi imeneyo. Ndinayang'ananso mwana uja, ndi timiyendo take towonda tija timene timalowa m'mabango m'mawa uliwonse. Ndinaimika jagi.

Tinakhala choncho, ine chogwada, abwana manja ali m'malere, beseni louma lili pakati pathu. Nkhuku inadutsa. Fungo la mpunga linali ponseponse. Abwana anandiyang'ana ngati akupempha, ine ndinayang'ana pansi, manyazi atandigwira mpaka m'zikhadabo, pakuti chibadwire sindinamanepo mlendo madzi. Kenaka anapukusa mutu akuseka, kuseka kwa munthu amene wazindikira kuti walowa mu mono. Anapukuta manja oumawo pa thalauza, natulutsa foni.

"Kwezani mawu a foniyo, bwana, tonse timve," anatero mng'ono wanga.

Anaimbira mkulu wa amisiri awo. Tonse tinamva kuti galimoto ikachoka kumene inali idzere kuno Lachinayi, ndi zovuulira, ndi mapaipi omwe. Mng'ono wanga anabwereza tsikulo mokweza, anafunsa anthu ngati amva, anthu anati tamva. Ndiye anati, "Achemwali, athireni madzi abwanawa, atopa." Nthungululu zinamveka mpaka kudooko. Amayi anavina momuzungulira mng'ono wangayo, ena akumuyalira zitenje kuti apondepo. Ine n'kuti ndikadali chogwada ndikuthira madzi, ndipo panalibe amene anandigwira dzanja kuti ndidzuke.

Abwana anadya mpaka kupempha wina. Anafunsa kuti waphika ndani, ndipo wina anayankha kuti, "Achemwali awo a akhansala."

Anthu atabalalika ndinakhala kuseri ndikukwecha miphika. Iye anabwera, anavula nsapato zake za ku khonsolo, anakhala pa mtondo wogoneka n'kuyamba kutsukuluza mbale. Ndinati, "Usaiwale kuti chimene chawafewetsa abwana aja ndi mpunga wanga, womwe uja unauletsa."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Ukudziwa chiyani?"

"Mayeso a ana anatha sabata yatha." Anaika mbale pathandala osandiyang'ana. "Ndikanakupemphani kuti muphike koma mudikire, mukanawasambitsa m'manja asanatsike n'komwe m'galimoto. Ndinadziwa kuti ndikakuletsani mubisala, muyatsa moto msonkhano utayamba. Mphepo ya masana nayo ndimaidziwa, ndinakulira pakhomo pompano."

Kalanga ine! Ndiye kuti ukali wanga, duku langa, bondo langa, zonse anaziika m'dongosolo lake ngati mmene amayalira sopo pa kaokala. Ndinamufunsa kuti nanga ndikanathira madzi aja akanatani. "Pamenepo pokha ndiye ndinaopa," anatero. "Koma munthu amene amaima pampanda m'mawa uliwonse kuyang'ana njira ya kudooko ndimamuona." Ndinamulanda mbale n'kumuuza kuti satha kutsuka, chikhalire satha.

Lachinayi galimoto sinabwere. Ndinamva kukoma pang'ono, ndisabise. Koma m'mawa mwake mwana anatenga ndowa kulowera kumabango, ndipo kukoma konse kunathera pampanda pomwepo. Inadzabwera Lolemba lotsatira, mng'ono wanga ataimba foni mpaka mayunitsi kumuthera. Amisiri anavuula mapaipi adzimbiri, anaika atsopano, ndipo madzi oyamba anatuluka ofiira, kenaka oyera. Ndinaima pomwepo monga wapampando wa komiti, makiyi a loko ali m'manja. Palibe anandiitana kuti ndilankhule.

Mjigo umenewo unakumbidwa kalekale, mng'ono wanga akadali pa kaokala. Amene ankasesa pamenepo, kuchotsa ndere m'ngalande, kukangana ndi ana olendewera pa chogwirira, ndi ine. Koma lero mufunse mwana aliyense kuti madzi awa watunga kuti, akuuzani kuti pa mjigo wa akhansala. Nkhani ya tsiku lija amaikamba m'maliro ndi m'maukwati, ndipo imakula chaka ndi chaka. Ati akhansala anawaumitsa manja abwana ndi diso lokha. Palibe amene amakumbuka kuti jagi inali m'dzanja la yani.

Masiku ano alendo a boma akabwera, amayamba ayankha, kudya pambuyo. Midzi yoyandikana nafe nayo inatengera, ndipo amati ndi nzeru za akhansala. Wophika ndikadali ine, koma tsopano amachita kundiuza nthawi yoyatsira moto.

M'mawa ndimaimabe pampanda, chizolowezi sichimva. Mwana amatuluka ndi ndowa n'kukhotera kumtunda, mabango n'kuwasiya kumbuyo. Sipatenga nthawi, ndimamva chitsulo cha mjigo chikulira, atsikana akuseka. Akabwera ndimamutula, ndimatunga ndi kapu n'kumwa ndili chiimire. Ndakhala ndikuwafunafuna chifukwa madzi amenewa, kaya kadzimbiri, kaya kamchere, kuti tsiku lina ndidzamuuze mng'ono wanga pamaso pa anthu. Ndi ozizira, ndi okoma, ndipo alibe chilema.